Kakope Kobiriwira ka Edmond

Belinda, mwana wa malemu mchimwene wanga, anandiyimbira foni Lachinayi masana ndili ku South Bend, kwa mwana wanga Lyson komwe ndimakhala. Moni sanapereke.

"Anti, bwerani mudzanditenge. Edmond ali ndi mkazi wachimwenye."

Ine ndine nkhoswe ya banja limenelo. Sanandisankhe chifukwa cha nzeru ayi, sukulu ndinalekeza sitandade folo aphunzitsi atatopa nane. Kungoti ku Indiana kuno nkhalamba ya kwawo ndi ine ndekha. Loweruka m'mawa Lyson anandidiraiva mpaka ku Lawrence, n'kunditula pakhomo ngati thumba la makala.

Ndinapeza masutikesi awiri m'kolido, otseka kale. Belinda anati mawa lake tibwerera limodzi ku South Bend, zokambirana zidzachitikira komweko.

"Umboni uli kuti, mayi?"

Anatulutsa kakope kobiriwira komwe anakapeza pansi pa mpando wa galimoto. Tsamba lililonse linali ndi mizere itatu ya mawu osamveka, ndipo pachikuto panalembedwa dzina lakuti Meena ndi nambala ya foni.

"Masabata asanu tsopano, Loweruka lililonse akuti akukagula ufa ku Lafayette Road. Ufa wake uti wogula maola atatu? Akalowa m'bafa amayankhula yekha, vanakamu, vanakamu, nandiri. Ndachekinga pa foni, ndi moni ndi zikomo. Munthu amaphunzira moni wa eni ake akafuna kukaonekera kwa makolo. Fomu ya viza ya ku India ndaionanso."

"Nanga mizere itatuyi?"

"Zilankhulo zitatu. Chihindi, Chitamilu, Chitelugu."

"Ndiye kuti akazinso ndi atatu. Mnyamatayu ndinkamuyesa waulesi."

Sanaseke. Ine ndemwe mtima unali utayamba kundiuza zoipa, chifukwa Edmond ndi uja wofatsa kwambiri, wonyamulira anthu mipando kutchalitchi, ndipo ofatsa otero ndawaonapo ambiri.

Edmond atatuluka kuchipinda anandigwira dzanja mwaulemu, makiyi ali kale m'thumba. Ndinamuuza kuti ndikufuna kukasankha ndekha nyemba. Anati kukuzizira. Ndinati ndili ndi jekete. Anati achedwa. Ndinali nditakhala kale kumpando wakutsogolo, lamba nditamanga.

Tili pa maloboti ofiira ndinangoyang'ana kunja n'kunena motsitsa kuti, "Vanakamu."

Mwana wa eni ake anatsamwa ndi malovu ake omwe.

"Anti, mwazimva kuti zimenezo?"

"Ndinalota."

Sitolo yake inali yaing'ono, yonunkhira tsabola ndi zofukiza. Pakauntala panali mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno, maso ngati a mwana wa mbuzi. Ndinati basi, banja latha, masutikesi aja akwere. Koma mtsikanayo anangoloza kuseri. Kumeneko, pakati pa matumba a mpunga, kunali mayi wina wachikulire wovala sweta pamwamba pa nsalu yawo ija, mano ochepa kuposa anga. Ameneyo ndiye anali Meena. Pambali pake panakhala mkulu wina wadazi, mnzawo wa amuna ake, amene amayankhula Chitelugu.

Sindinamasuke msanga. Nkhalamba zimatha kukhala ankhoswe, ine ndine mboni. Ndinakhala pa thumba la mpunga kuti ndione ngati akumukonzera mtsikana wa pakauntala uja.

Anayamba kumuphunzitsa. Mayi Meena ananyamula kapu ya madzi, Edmond n'kuti, "Tani." Mkulu wadazi ananyamulanso, iye n'kuti, "Nilu." Mtsikana anakuwa ali kutsogolo kuti kwawo ndi pani. Kenako mayi aja anagwira pamimba n'kukwinya nkhope ngati adya mango osapsa. Edmond anati, "Vali." Kwa mkulu uja, "Nopi." Anabwereza kasanu, thukuta lili kamukamu, lilime likukana. Atatero anamuphunzitsa kufunsa komwe kuli chimbudzi, ndi mmene angaitanire nesi.

Apa ndi pomwe ndinasiya kuyang'ana mtsikana uja. Ndafunsiridwapo katatu pa moyo wanga, ndipo palibe mwamuna anabwera ataloweza mawu akuti chimbudzi.

M'galimoto ndinamulanda makiyi.

"Ukudwala chiyani?"

"Ine sindikudwala, Anti."

"Ndiye akumva kupweteka pamimba ndani? Masutikesi wawaona m'kolido aja si a zovala zopereka kutchalitchi. Mkazi wako akunyamuka mawa."

Anapukuta chiwongolero ndi chala. Kenako anaulula. Bambo ake ku Ntcheu mkodzo ukuwavuta kutuluka, akuyenda ndi kapaipi. Madokotala kumudzi anati apite ku India, koma mzinda wake sunadziwike, mwina Chennai, mwina Hyderabad, mwina Delhi, ndipo kulikonse ali ndi chilankhulo chawo. Wokawadikirira ndi iyeyo. Mayi Meena anamuuza kuti madokotala Chingerezi amachidziwa, koma wobweretsa chakudya, wokolopa ndi woyendetsa kanjinga ka mateyala atatu si onse amachimva.

"Nanga Belinda wamubisira chifukwa chiyani? Si nesi iyeyo?"

"Bambo anandilumbiritsa. Anati matenda a malo amenewo mpongozi wawo asawamve, angadzalephere kukhala naye pabwalo limodzi."

Madala aja ndimawadziwa. Pa ukwati Belinda atawagwadira ndi madzi, anayang'ana kumbali mpaka khosi linauma.

"Anakulumbiritsa iwe," ndinatero. "Ine anandilumbiritsa?"

"Anti, chonde."

"Nawa makiyi, yendetsa galimoto. Ufa wagula?"

Anali asanagule. Anabwereranso m'sitolo.

Kunyumba ndinamusiya Edmond panja, ndinalowa ndi Belinda kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinamuuza zonse, mpaka mano a Meena. Anamvetsera manja atapinda. Anandifunsa kawiri ngati mtsikana wa pakauntala anamusekerera Edmond. Ndinati anasekerera ine, ndine ndinali wooneka bwino.

"Ndiye amwenye a m'sitolo adziwe za apongozi anga, ine ayi?"

"Amwenye sadzawagwadira ndi madzi. Iwe sunamve kanthu, wamva? Apongozi ako akaimba foni, uwafunse za mvula."

Anapukuta m'maso n'kutsegula chitseko. Edmond anali ataima m'kolido, ufa uli m'manja. Belinda sanamuyang'ane kumaso. Anangomufunsa kuti kapaipi ka bambo ake anakasintha liti, ndipo ngati akutentha thupi. Edmond sankadziwa.

"Ukukadikirira wodwala iwe? Loweruka likubwerali tipitira limodzi kwa Meena wakoyo. Pali mawu ofunika omwe sunafunse: magazi, kutentha thupi, sanadye. Ndipo ndikufuna ndimuone ndekha wa tsitsiyo."

Mawa lake Lyson anabwera kudzanditenga, ndinakwera ndekha. Kumbuyo ndinamva Belinda akuuza mwamuna wake kuti akweze masutikesi pamwamba pa wadiropu, koma imodzi aisiye pansi kaye.