Chaka Chimene Chizimalupsa Chinatinamiza

Chaka chotsatira chisankho cha matipate, mwana wanga Efulemu anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Amene anamulakwitsa ndine mayi wake womubereka.

Mudzi wathu uli kupitirira Mitundu, m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. Efulemu amaperekeza alendo odzaona mbalame. Anthu ake ndi odabwitsa. Amachoka kutali kudzangoima pansi pa mtengo, magalasi ali m'maso, osaponya ngakhale kamwala. Koma alendo omwewo ndi amene amadyetsa adzukulu anga.

Ine ndimaopa njoka. Mkulu wanga anamwalira atalumidwa ndi mphiri. Ndiye mwezi wa Okutobala, udzu utauma m'kanjira ka alendo, mtima wanga sunakhale m'malo.

"Efulemu, tentha udzu uwo," ndinatero. "Mlendo akalumidwa, apolisi adzayamba ndi iwe."

"Amayi, chaka chino kwauma kwambiri."

"Ukufuna kundiphunzitsa nyengo ine? Mitengo yaphuka kale. Sabata ino isanathe, chizimalupsa chigwa."

Chizimalupsa ndi mvula yoyamba ija, yozimitsa moto wa kutchire. Kuyambira utsikana wanga tinkatentha tchire tikuidalira. Efulemu anandimvera, anatentha.

Mvula sinabwere. Kunabwera mphepo. Moto unayaka masiku anayi, mpaka unatsikira kukamtsinje kumene mbalame zinamanga zisa. Alendo asanu amene anafika sabata imeneyo anapeza phulusa ndi utsi. Anagona tsiku limodzi, m'mawa n'kukweza katundu. Woyang'anira nyumba ya alendo anauza Efulemu kuti zikadzateronso chaka chamawa, woperekeza sadzafunika.

Patapita masiku awiri, ndinaona njinga ya bambo Masautso, mlangizi wa zankhalango, ikukhota pakhomo. Ndinatuluka nditavaliratu mpango, poganiza kuti ulendo wa kupolisi wakwana.

"Mwana wanga musamumange," ndinatero. "Anayatsa ndi iye, koma womutuma ndine."

"Khalani pansi, agogo. Lamulo loletsa moto m'nkhalango lilipo, ndipo Efulemu ndamuchenjeza. Koma pa njinga iyi tonse awiri sitingakwanepo."

Sindinaseke.

"Tandiuzani," anatero, "chaka chatha chizimalupsa chinagwa liti?"

"Chinachedwa."

"Nanga chaka cha chilala chija?"

"Sichinagwe n'komwe."

"Ndiye mwaona. Diso lanu silinakalambe, agogo. Nyengo ndi imene yasintha. Masiku ano mvula imatha kuchedwa, ndipo udzu umauma kuposa kale. Mlendo wathu amabwera miyezi yomweyi, chifukwa ndi pamene mbalame zimaswa. Nkhalango ikapsa, iye amapita kwina, n'kukauzanso anzake."

"Nanga njoka? Tizingoziyang'ana?"

"Kanjira tizitchetcha ndi zikwakwa. Kutentha tizichita limodzi ndi ife a zankhalango, mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse. Moto wa nthawi imeneyo umayenda pansipansi, sufika kunthambi, ndipo mame amauzimitsa. Tilambulenso mpata waukulu pakati pa minda ndi nkhalango, kuti moto ukadza usowe podumphira."

"Udzu wauwisi umayaka?" ndinafunsa.

"Umayaka mwaulesi. Ndi zomwe tikufuna."

Mvula ya chaka chimenecho itatha, tinachita monga ananenera. Mabanja khumi ndi awiri anatuluka ndi makasu. Ine msana sundilola kulima, choncho ndinatenga ntchito yoyenda khomo ndi khomo. Ena ankati boma lasintha, aliyense ali ndi ufulu wotentha pamene wafuna. Ndinkawayankha kuti moto sunavote nawo, ndipo ukapsereza ntchito ya Efulemu upserezanso msika wa mazira ndi nthochi zawo, pakuti zonsezo zimagulidwa kunyumba ya alendo.

Okutobala wotsatira mvula inachedwanso. Osaka mbewa anayatsa moto kuminda ya kumtunda. Ndinaima pachulu, manja ali kumutu, ndikuuona ukuthamangira kunkhalango. Utafika pampata tinalambula paja unafooka, ndipo amuna anaumaliza ndi nthambi zaziwisi.

Sabata imeneyo kunali alendo anayi. Anakhala masiku asanu, ndipo wina anapempha kuti chaka chamawa adzamuperekezenso Efulemu yemweyo. Ntchito ija akugwirabe mpaka lero.

Anzanga okhala m'mbali mwa nkhalango, mverani ine amene ndinalakwa. Mvula ya masiku ano si yoidalira poyatsa moto. Musatenthe tchire nthawi ya dzuwa. Lambulani mipata udzu usanaume, ndipo funsani mlangizi musanakhudze machesi. Nkhalango ikapsa, mlendo ali ndi kwina kopita. Ife tilibe.