Amilcare Abwerera pa Chiwongolero

Nkhondo itatha, Amilcare Brusotti anagumula khoma la m'chipinda chosungiramo vinyo n'kutulutsa galimoto yake yampikisano, imene anaibisa kuti asilikali asailande. Makoswe anali atadya chikopa chonse cha pampando, koma injini inali bwinobwino. Amene anasintha anali mwini wakeyo. Anthu a m'tauni ya Castelrovere anatuluka m'nkhondomo ali mafupa okhaokha, iye yekha anatulukamo ndi chimimba, poti anakwatira Zelinda, mwana wa mwini chigayo.

"Alamu, takokani mimbayo," anatero Tancredi, mchimwene wa Zelinda, amenenso anali makaniko wake. "Chiwongolero chikukanika kutembenuka."

"Galimotoyi yafota ndi chinyontho."

"Eya. Lamba wanunso anafota tsiku lomwelo."

Anasunthira mpando kumbuyo, nkhani inatha.

Mpikisano wa chaka chimenecho unali wa m'misewu ya m'tauni momwemo: kuchoka pamsika, kutsetsereka kumlatho, kukwera kutchalitchi, n'kubwereranso pamsika. Maenje a mabomba anangowakwirira ndi miyala, m'makona n'kuunjikamo mitolo ya mapesi a tirigu. Anthu anadzaza m'mawindo ndi pamadenga. Anali atatopa ndi phokoso lopha, tsopano ankafuna phokoso loti aziombera m'manja.

Mbendera itangotsika, anyamata anamusiya Amilcare m'utsi. Sanadandaule. Ankadziwa kuti pakona ya kumlatho ndi pamene pamaonekera mwamuna. Koma akutsetsereka, phazi lake linapita lokha pamabuleki, kona ikadali kutali.

"Phazi iwe, wakutuma ndani?" anafunsa mokweza.

Atazungulira kachiwiri, linachitanso chimodzimodzi. Kenako anazindikira kuti akuona zinthu zimene kale sankaziona: mitengo ya magetsi, khoma la kumanda, ana atalendewetsa miyendo m'mbali mwa msewu. Ali mnyamata ankaona msewu wokha. Lero ankaona chilichonse chimene munthu angaombe n'kufa.

Anapatuka n'kuima pamene panali Tancredi ndi zigubu za petulo.

"Mukumveka kugogoda mu injinimu," anatero.

Tancredi anatsegula, anatchera khutu, anagwira apa ndi apo. Kenako anawerama mpaka pakhutu la mlamu wake.

"Injini ikuimba ngati ili m'kwaya. Akugogodawo ndi mawondo anu, alamu."

Amilcare anayang'ana pansi. Zinalidi zoona.

"Tsikani basi, bambo," anatero Zelinda ali kuseri kwa chingwe chotchingira oonerera. "Palibe amene akusekeni."

"Inuyo mwayamba kale."

"Ine ndine mkazi wanu, ndili ndi chilolezo cha kutchalitchi."

Amilcare anaseka, analowetsa giya, anabwerera mumsewu. Mantha sanachoke, koma poti anali atadziwika, anangokhala naye m'galimotomo ngati mlendo wosaitanidwa. Anadutsa galimoto ina itafa injini pafupi ndi manda, ina itathyoka gudumu, woyendetsa wake atakhala pamwala akusuta. Mtima unayamba kukula. Mwina ukalamba ndi nzerudi, anaganiza, anyamata athamange, ife tiwatola m'njira.

Apo mvula inayamba. Miyala ya mumsewu wa kutchalitchi inaterera ngati sopo, ndipo Amilcare, amene tsiku lonse ankaponda mabuleki mofulumira, anasankha nthawi imeneyo kuti awaponde mochedwa. Galimoto inazungulira, tchalitchi chinamudutsa kawiri, n'kukalowa chambuyo m'mitolo ya mapesi.

Kunali zii. Anadzigwira manja, miyendo, mutu: zonse zinalipo. Nkhalamba ina yogontha, imene inkameta anthu patauniyo, inasuzumira m'mapesimo.

"Brusotti! Wapambana?"

"Ndatsala pang'ono, agogo!"

Anthu anamukankhira mumsewu. Anapitiriza pang'onopang'ono, mapesi ali m'khosi ndi m'kamwa, ena akufuka utsi pa injini. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mawondo anali ataleka kugogoda. Chimene ankaopa chinali chitachitika, ndipo chinali chofewa.

Pamene ankafika pamsika komaliza, wopambana anali atamwa kale vinyo wake, oimba malipenga akulongedza. Mkulu woimika mpikisano anali atapinda mbendera, akudya buledi ndi soseji. Ataona kagalimoto kofiira kakubwera kokha m'mvula, anasowa chochita, anangokakupizira bulediyo. Anthu a m'mawindo anakuwa koposa mmene anakuwira wopambana. Amilcare sanadzinamize kuti akukuwira luso lake, komabe anavula magalasi n'kuwaweramira ngati mfumu, misozi ikusakanikirana ndi mvula.

M'mawa mwake nyuzipepala ya m'chigawocho inatulutsa chithunzi cha matayala awiri akusuzumira m'mapesi, pansi pake atalemba kuti ndi galimoto ya A. Brasetti.

"Mulungu wakukondani, bambo," anatero Zelinda. "Alakwitsa dzina. Palibe adziwe kuti ndinu."

Amilcare anavomera kuti ndi mwayi waukulu. Anamwa khofi wake, anachiyang'ananso chithunzicho. Kenako anavala jekete yake ya Lamlungu, anakwera njinga, n'kupita kwa anthu a nyuzipepalawo kukawauza kuti akonze dzinalo.