Tsiku Limene Mzere Unabwerera

Ine moyo wanga wonse ndadyera mzere. Sindikunena wa kuchipatala kapena wa kuchigayo ayi, ndikunena mzere wa mathiraki amene ankaima pachipata cha m'malire kudikira mapepala a msonkho. Unkayambira pampiringidzo wa achitetezo, n'kudutsa pakhomo panga, n'kukathera kuseri kwa chitunda komwe maso safika. Dalaivala akafika kumayambiriro kwa sabata, wamwayi ankawoloka sabatayo ikutha. Munthu wodikira amamva njala, amadetsa zovala, amasowa womuyankhula. Ine ndinasankha zovalazo. Ndinali ndi mabeseni, simbi yamakala ndi zingwe zodzaza bwalo lonse, ndipo madalaivala ankanditcha alamu ngakhale achimwene awowo sindinawaonepo.

Pakati pawo panali bambo ena amene anzawo ankawatcha a Ndevu. Ankayendetsa thiraki yobiriwira yonyamula simenti, ndipo ankafika mwezi uliwonse. Poyamba ankangosiya zovala pakhomo n'kubwerera. Kenako anayamba kukhala pampando kudikira kuti ndimalize kusita. Kenako anandikonzera chitseko chimene chinkakhula pansi. Zotsalazo mukhoza kumaliza nokha, ndinu akuluakulu. Zaka zinapita tikukhala choncho: masiku ochepa m'nyumba muli mwamuna, masabata otsalawo ndili ndekha ndi mabeseni anga. Za kwawo sindinawafunsepo, nawonso sanandinamizepo za ukwati. Ndinkangodziuza kuti munthu wobwerera mwezi ndi mwezi ndiye kuti pali chimene chimamukoka.

Ndiye maboma anagwirizana zochotsa msonkho pa katundu wodutsa m'malire. Mapepala onse anayamba kuyenda pakompyuta thiraki isanafike n'komwe. Dalaivala amangotsitsa galasi, wachitetezo n'kukweza mpiringidzo, basi wapita. Pasanathe mwezi, msewu wa pakhomo panga unaoneka phula lake koyamba chibadwire changa.

Amene anasangalala kuposa onse ndi achimwene anga, mlimi wa matimati. Anabwera kudzandiona atavala jekete yatsopano, dzuwa likuswa mtengo.

"Achemwali, mukudziwa kuti matimati anga ankaolera pakhomo panu pompano?" anatero. "Ine kulima, kuthirira, kulipira galimoto, kenako n'kumaonerera madzi ofiira akudontha pansi pa thiraki. Lero ndikathyola m'mawa, madzulo ali kale pamsika tsidya lija. Ndalemba ntchito anthu oti ankagona ndi njala. Feteleza watsika. Sopo mukuchapirayu naye watsika."

"Sopo watsikadi," ndinayankha, "koma ndichapira chiyani?"

Anaseka, koma ataona zingwe zopanda kanthu anasiya. Anandiuza kuti kumunda kwawo akufuna munthu woyang'anira amayi olongedza matimati m'mabokosi, ndipo chipinda chilipo. Ndinati ndiganize kaye.

"Muganize chiyani? Mukudikira andevundevu aja? Mlendo ndi mame, achemwali."

Ndinawauza kuti tiyi wawo akuzizira.

Kunena zoona achimwene sankanama. Ndinkaona ndekha. Mabanja a kumtunda kwathu amene ankafolera ndi mapepala anayamba kukhoma malata. Mwana wa aneba amene anasiya sukulu chifukwa cha yunifolomu anabwererako. Mchere, mafuta ophikira, makope, zonse zinakhala zofikirika. Ndikanena kuti mzere uja unali wabwino, Mulungu andilange. Unali wabwino kwa ife ochepa amene tinkadyera pakudikira kwa anzathu, ndipo ochepafe tinabalalika mmodzimmodzi. Mayi wogulitsa tiyi anapita kwa mwana wake kutauni. Womata matayala anasamuka ndi kompuresa yake. Ometa anatseka, n'kuchotsa ndi chikwangwani chomwe. Ndinatsala ine ndi agalu awiri amene anazolowera kudya zotaya madalaivala, ndipo tonse atatu tinkakhala kuyang'ana msewu.

Thiraki yobiriwira ija ndinaiona mwezi woyamba womwewo. Inaliza hutala, mkono n'kutuluka pawindo, n'kudutsa. Ndinatsala nditaima pageti, m'manja muli thovu. Madzulo a Ndevu anaimba foni. Anati kampani yaika kachipangizo m'galimoto kosonyeza pamene ali, ndipo akangoima bwana amaimba nthawi yomweyo. Ndinamva. Mwezi wachiwiri hutala inaliranso. Miyezi ina ndinkangoona fumbi, mwina sanandione.

Ndinkawakhulupirira, komanso maso ndili nawo. Ndinkaona madalaivala ena akuima kugula nthochi, ena kutaya madzi patchire, ena kungowongola msana. Kachipangizo kawo iwowo kanali kogona? Funso limene linkandidya linali limodzi, ndipo ndinalibe womufunsa: kodi bambo amenewa ankabwera chifukwa cha ine, kapena chifukwa choti mzere sunkayenda? Ndinkasungulumwa zoti ndinkayankhula ndi simbi posita zovala zanga zomwe, zoti ndazisita kale dzulo lake.

Tsiku lina m'mawa ndinadzuka ndi phokoso limene thupi langa linalizindikira mutu usanadzuke: mainjini ambiri akungolira pamalo amodzi. Nditatsegula chitseko ndinapeza mathiraki ali ndondondo mpaka kuseri kwa chitunda. Dalaivala wina anandikuwira ali pamwamba pa katundu wake.

"Alamu, mudakalipo? Makompyuta afa kuchipata uko! Akuti mwina mpaka mawa. Sopo alipo?"

Ndinatulutsa mabeseni onse, ndi lija lodontha lomwe. Dzuwa lisanakwere, pakhonde panali mulu wa malaya ndi mabuluku onunkha dizilo, fungo limene sindinkadziwa kuti ndalisowa. Ndikuchapa, maso anali kumsewu.

A Ndevu anafika ndithu. Analowa pageti chikwama chili paphewa, n'kukakhala pampando wawo uja ngati anachokapo dzulo. Ndevu zinali zitayamba kuyera cha kuchibwano. Ndinasangalala ngati kamtsikana, koma ndinadzigwira.

"Mwasowatu," ndinatero.

"Ntchito, mayi, ntchito. Masiku ano ulendo umene unkatenga mwezi tikuupanga sabata imodzi. Malipiro akwera, koma tulo ndiye palibe."

"Sabata iliyonse mumadutsa pano?"

Anayang'ana chitseko. "Chayambanso kukhula pansi ichi?"

Ndinawapangira tiyi, ndipo zovala zawo ndinazichapa poyamba, za enawo zidikire. Ndinaziyanika pachingwe cha pafupi ndi khonde: malaya, mabuluku, thaulo, masokosi. Iwo ankandiuza za misewu yatsopano, za mizinda imene akufikako, za mnzawo amene anagula thiraki yakeyake. Ankayankhula bwino ngati kale, ndipo nane ndinkaseka ngati kale. Koma funso lija linali pakhosi, ndipo ndinadziwa kuti ndikalimeza lero sindidzapezanso mpata.

"A Ndevu, makinawa akanapanda kufa, mukanaima?"

"Aa, mayi, mafunso anuwo."

"Ndikufunsa bwinobwino. Tchuthi mumakhala nacho. Mabasi amafika kuno. Sindikupempha ukwati ine, ndikungofuna kudziwa ngati ndizikhala pano kapena ndipite kwa achimwene."

Anazunguza kapu m'manja kwa kanthawi. "Tidzaona mmene zinthu zikhalire," anatero. "Inu musadandaule."

Ndinabwerera kubeseni. Mawu akuti tidzaona ndawamva kwa madalaivala ambiri, ndipo ndimadziwa kulemera kwake, koma ndinasankha kuwatenga ngati lonjezo. Tsiku linali lisanathe, usiku unali kubwera, ndipo munthu akagona m'nyumba amadzuka ndi maganizo ena.

Dzuwa lili paliwombo, hutala inalira kutsogolo kwa mzere. Ina inayankha, kenako zonse pamodzi. Makina anali atadzuka. Madalaivala anayamba kuthamangira kumagalimoto awo, ena akumanga malamba, ena chakudya chili m'kamwa. A Ndevu anaimirira msanga mpaka mpando unagwa.

"Zovala zanu sizinaume," ndinatero. "Zisiyeni. Ndizisita, mudzazitenga ulendo wamawa."

Ndinanena ngati nkhani ya zovala, koma tonse awiri tinkadziwa chimene ndikupempha. Anaima pachingwe paja, dzanja lili pamalaya odontha madzi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumsewu.

Anayamba kuanula. Malaya anawafinya n'kuwaponya m'chikwama, mabuluku chimodzimodzi, thaulo, zonse zili nyowe. Zopanira zinkagwera pansi. "Ndikayanika m'galimoto," anatero osandiyang'ana, n'kuthamangira kugeti.

Atafika pageti anaima. Anatembenuka n'kuyamba kubwerera, ndipo ine wopusane ndinapukuta manja pachovala changa, ndinayamba ndi kumwetulira komwe. Anandidutsa, n'kuwerama pansi pa chingwe, n'kutola sokosi imodzi imene inagwera m'fumbi. Anaikung'untha pabondo, n'kupita.

Mathiraki anayamba kuyenda. Madalaivala ena aja ankandikuwira pawindo akudutsa, wina ndi mnzake: "Alamu, tisungireni! Tidzatenga pobwerera!" Anthu oti mayina awo sindiwadziwa n'komwe. Msewu utayera ndinatembenukira kubwalo. Zingwe zonse zinali zodzaza ndi zovala za alendo, zikudontha. Chopanda kanthu chinali chimodzi chokha, cha pafupi ndi khonde.