Batire Lachikasu pa Tsiku la Mtanda

A Eleuterio Zepeda, mmisiri wamkulu pa nyumba yosanjikiza imene inkamangidwa kumapeto kwa mzinda wa Toluca ku Mexico, sankadziwa kupempha munthu kuti asachoke. Kukalipa ankatha, kuphunzitsa ankathanso, koma mawu akuti "khala" ankawakanirira pakhosi.

Amene ankafuna kuti akhaleyo anali Leobardo. Anabwera kudzaponda matope, koma tsopano ankaimika matabwa a zipilala mowongoka moti a Eleuterio ankachita kupeka cholakwa kuti asamuyamikire. Msuweni wake, yemwe anali ndi gulu lake la omanga kumzinda wakutali wa Monterrey, anali atamuitana kuti akagwire naye ntchito. Nkhaniyi aliyense ankaidziwa, ndipo aliyense ankailambalala.

Zida zopanda nthambo za gulu la a Eleuterio zonse zinali za mabatire achikasu. Batire la kampani ina sililowa pa chida cha kampani ina, choncho gulu lochenjera limagula mtundu umodzi: lako likatha umangokuwa, mnzako n'kukupatsira lake. A ku Monterrey zawo zinali zofiira. Ndiye Leobardo atapempha a Eleuterio kuti amuperekeze kukagula zida zake zoyamba, madalawo anadziwa kuti yankho la ku Monterrey likatulukira m'sitolo.

M'sitolo ya mayi Hermelinda, a Eleuterio anachita ntchito yawo mokhulupirika. Bokosi lalikulu lokhala ndi zida zambirimbiri anamuuza kuti alisiye, ndi la anthu okonda kuonetsa. Zofunika ndi ziwiri: chobowolera chotha kugogoda khoma la simenti, ndi chomangira masikulu. Mabatire akhale awiri, lina likugwira ntchito lina lili pa tchaja. Kenako anamuuza kuti anyamule chida chilichonse pamwamba pa mutu mpaka mkono udandaule, chifukwa kudenga n'kumene kulemera kwa chida kumadziwikira.

Leobardo ananyamula chachikasu, n'kuchiika. Chofiira anakhala nacho m'mwamba nthawi yaitali ndithu.

"Nanga zofiirazi mukuti bwanji, Madala?"

"N'zabwino. Zikupepuka kuposa zathu."

Zinali zoona, ndipo zinawawawa kuzinena. Mayi Hermelinda, omwe ankawadziwa kuyambira ali ndi tsitsi, anaseka. "Mwakalambadi, achimwene. Kale mukanati zofiira n'zoseweretsa ana."

A Eleuterio ananamizira njala n'kutuluka, kuopa kumuimirira mnyamatayo pamsana posankha. Tamale amene anagula pakona, mkate wa chimanga wokulunga m'makoko, anazizirira m'manja.

Lolemba Leobardo anafika ndi zida zake. Pamalo omanga aliyense amaika chizindikiro cha penti pa zida zake kuti zisamere miyendo, koma iyeyu anapitirira muyezo: anapopera penti wobiriwira paliponse, ngakhale pa mabatire. Tiburcio, wopinda zitsulo, anayamba kumufunsa ngati achule akewo adya kale. A Eleuterio akanangochigwira chidacho kamodzi akanadziwa mtundu wake, pakuti mabatire achikasu ankawazindikira ngakhale atatsinzina. Sanachiyandikire. Chikalira kumanzere iwo ankapeza ntchito kumanja, ndipo kunena zoona anali mantha.

Linafika tsiku la Mtanda Woyera, phwando la omanga. Mtanda anaukhoma ndi zidutswa za matabwa, akazi awo anaukongoletsa ndi maluwa a mapepala, ansembe anauwaza madzi odalitsidwa mamawa. Mwini nyumba anabweretsa nyama ya nkhumba yokazinga, timikate topyapyala ta chimanga totchedwa matotiya tili totentha, ndi mowa, makombola akuphulika uku ndi uko. Woukweza mtanda pamwamba amasankha ndi mmisiri wamkulu, ndipo a Eleuterio analoza Leobardo. Mumtima ankati ngati akuchoka, asiyeko kanthu pamwambapo.

Leobardo anakwera nawo mpaka pachipilala chomaliza, kumene nthambo ya magetsi sinafike. Sikulu yoyamba inalowa bwinobwino. Pa yachiwiri chida chinalira mofooka, kenako zii. Mabatire ake onse anali atawasiya pa tchaja m'mawa muja, koma Tiburcio anazula tchajayo kuti alumikize wailesi ya phwando.

Mtanda unapendekeka, Leobardo ataugwira ndi dzanja limodzi. Anasuzumira pansi.

"Madala, tumizeni batire lanu, langali lakomoka."

A Eleuterio anaima kaye ndi totiya m'manja. Kenako anachotsa batire pa chida chawo, analiika m'ndowa ya matope, n'kuyamba kukoka chingwe okha, osalola wina kugwirako. Ndowa itafika pamwamba, anthu pansi anasiya kutafuna. Kunamveka kakuti kwatsa, batire lachikasu litalowa, ndipo chida chobiriwira chija chinalira ndi mphamvu zonse mpaka mtanda unaima nji.

Chimwemwe chinawasefukira a Eleuterio, koma popeza sankadziwa pochiika, anachithira pa Tiburcio. Anamulalatira za wailesi, za tchaja, za zitsulo zimene anapinda molakwika chaka chatha, uku maso akuseka. Tiburcio naye ankangovomera akutafuna.

Leobardo atatsika anabweza batire lija, lili ndi zidindo zobiriwira za zala m'mbali. A Eleuterio analiyang'ana m'malo moyang'ana iye.

"Zofiira zija zinkapepuka, ndinakuuza."

"Zinkapepukadi, Madala. Koma likanandithera pamwambapo ndikanaitana ndani?"

A Eleuterio anamuikira nyama pa totiya, yambiri moti sinathe kupindika, n'kumuuza kuti mawa afike msanga, zipilala za kumbuyo zikumudikira.