Benchi Lobiriwira Linatiulula

Mayi Olinda saopa njoka, saopanso makolo olusa, koma tsiku limene anauzidwa kuti ajambulidwe pa foni akuphunzitsa, thukuta linawatuluka ngati akupalira chimanga. Ine ndine Gervásio. Timaphunzitsa limodzi pa kasukulu kathu ka ku Ngauma, ndipo ndi iwowo amene anandiphunzitsa kugwira pensulo.

Tinali pa maphunziro a aphunzitsi ochitira pa foni. Mlangizi wathu, mayi Halima, amakhala ku Cuamba, ndipo ntchito ankatumiza pa gulu la pa foni momwe munali aphunzitsi a ku Ngauma, a ku Mandimba mpaka a ku Etatara. Ntchito yomaliza inali vidiyo yaifupi ya phunziro limodzi. Kwa enafe satifiketi yake inali yongowonjezera, koma kwa mayi Olinda inali nkhani ya ntchito. Iwo anayamba kuphunzitsa anthu atangobwerako ku Malawi nkhondo itatha, nthawi imene wodziwa kuwerenga ankangopatsidwa choko. Tsopano anali atauzidwa kuti popanda satifiketiyo kalasi yawo ipatsidwa kwa wina.

"Mwanawe, ndiye anthu a ku Cuamba aone ana anga atakhala pansi?" anandifunsa.

"Akufuna kuona kaphunzitsidwe kanu, mayi, osati pokhala ana."

"Iwe unaonapo mlendo akulandiridwa pabwalo losasesa?"

Kwathu kuno mlendo akamabwera timabwereka chilichonse, mpando, mbale, ngakhale nsalu ya patebulo. A diretori athu, akulu a sukulu bambo Bernardo, anavomereza kuti foni nayo ndi mlendo, ndipo anatumiza uthenga ku sukulu ina ya kumsewu waukulu yomwe ili ndi mabenchi. Mabenchiwo anabwera pa njinga, akugwedera. Pakati pawo panali lina lopakidwa utoto wobiriwira, mwendo wake umodzi uli wansungwi. Limeneli mayi Olinda analikonda, nkuliika kutsogolo kwenikweni.

Vidiyo ija musandifunse. Ana ozolowera kutambalala pansi anakhala pa mabenchi ali gwa, osaphethira. Mayi Olinda anaphunzitsa m'Chipwitikizi cha pa tsiku la chikondwerero, choti ngakhale ine sindinachimve chonse. Nditajambula ndinakwera chulu cha kuseri kwa sukulu, chifukwa netiweki yathu imapezeka pamenepo basi, nkutumiza. M'mawa mwake mabenchi ananyamulidwa, akuti sukulu ina inawapemphanso.

Sabata isanathe mayi Halima anatumiza mawu pa gulu lija. Tinamvera tonse pamodzi patsinde pa chulu.

"Aphunzitsi anga, mavidiyo anu ndawaona," anatero, akuchita kumveka kuti akudziletsa kuseka. "Woyamba kulandira satifiketi akhala benchi lobiriwira la mwendo wansungwi lija. Laphunzira masamu ku Ngauma, sayansi ku Mandimba, silinajombepo. Jambulaninso, m'makalasi mwanu mmene mumakhalira. Ndikuthandizani bwanji kuphunzitsa ana okhala pansi mukamandionetsa ana a pa benchi?"

Bambo Bernardo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Pa gulu panadzaza tinkhope toseka, koma vidiyo yatsopano panalibe anatumiza. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kudziyalutsa.

Mayi Olinda sanaseke. Ana ataweruka ndinawapeza m'kalasi mwawo akusisita khoma.

"Njerwa izi tinaumba tokha titabwera," anatero. "Madzi ndinkatunga ine, mwana ali kumbuyo. Pano panali tchire lokhalokha. Andiseke ine, palibe kanthu, koma wina akaseka chipinda chino zindipweteka."

Zinandikhudza, chifukwa pansi pomwepo ndi pomwe ndinalemba dzina langa koyamba. Ndinafuna kunena kuti tingojambula bolodi lokha, koma iwo anandidula.

"Mawa ubwere nayo foniyo. Ujambule ponseponse, ndi podontha pomwe."

M'mawa mwake anaima kutsogolo atavala chitenje chawo cha masiku onse. "Muno ndi mwathu," anaiuza foni, kenaka anaiiwaliratu. Anagawa ana m'timagulu, aliyense ndi timiyala take towerengera. Ankayenda pakati pawo akudumpha miyendo, apa Chipwitikizi, apa Chinyanja, kwa wina wosamva bwino Chiyao. Kamtsikana kena kanalakwitsa samu, anzake nkukuwa, iko nkukonza kokha. Phokoso linalipo ndithu, ndipo nkhuku inalowa nkutulukanso.

Ndinakwera chulu nkutumiza. Iwo anatsalira pansi, manja ali m'chiuno, akunamizira kuyang'ana mitambo. Sanakwerepo chulu chimenecho chiyambire maphunzirowa, ankati si malo a munthu wa msinkhu wawo.

Foni inalira. Anali mayi Halima, ndipo ndinawerenga mokweza: "Mwakhoza, mayi Olinda. Ili ndiye phunziro."

Iwo anangopumira m'mwamba. Foni inaliranso. Tsopano inali vidiyo yochokera kwa bambo Sulemane a ku Etatara, amene sabata yapitayo anatidabwitsa ndi kalasi ya makatani. Ana awo anali pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa njinga. Kenaka inabwera ya ku Mandimba, ya denga latheka. Palibe anaseka.

"Pali funso lanu, mayi," ndinafuula. "Bambo Sulemane akuti mumatani kuti ana a kumbuyo asamagone? Ndiwayankhe kuti chiyani?"

"Uwayankhe iwe? Kalasi yake ndi yako?"

Anawerama, navula nsapato, nkumanga chitenje mwamphamvu.

"Sendera uko, mwanawe," anatero, nayamba kukwera chulu.