Voliyumu ya Azakhali

Mu saluni ya azakhali muli lamulo limodzi loposa onse: voliyumu yaikulu ya kompyuta, ija ya pakona pafupi ndi kawotchi, munthu saikhudza. Anaitsitsa okha tsiku lomwe anagula makinawo. Ife oluka tsitsi timaloledwa kusuntha kamzere ka voliyumu ka mu pulogalamu yoimbira nyimbo basi. Ngakhale ukakankhire kumapeto, nyimbo zimangomveka mwaulemu.

"Muno anthu amadzapuma ndi kujeda, osati kuvina," amatero azakhali.

Nyimbozo amatibweretsera ndi mnyamata wokonza mafoni pakhomo loyandikana nafe, amene tonse timamutcha Kawaya. Lolemba anandipatsa fulashi yodzaza nyimbo, maso ali pansi.

"Yomalizayo mumvere nokha, mpaka ithe," anatero, nkubwerera kwake osacheuka.

Masana anzanga atapita kukadya, ndinaitsegula nyimbo yomalizayo. Zii. Ndinakankhira kamzere kaja kumapeto, nkugunditsa khutu pa sipika. Munkangomveka kaphokoso konga mpweya wa munthu wogona. Munali mawu ndithu, koma sindinatolepo kanthu.

Kumufunsa ndinachita manyazi. Lachiwiri anadutsa pakhomo nkundiyang'ana ndi maso ofunsa, ine ndinangomupatsa moni. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi sanadutse nkomwe, ndipo tsiku lonse ndinaluka mizere yokhota.

Lachisanu chakumadzulo azakhali ankatsuka mutu wa kasitomala kuseri, mpopi ukukhuthuka. Mayi wina wonenepa anali m'chowumitsira tsitsi chomwe chimalira ngati chigayo. Ndinati phokosoli lindibisa. Ndinatsegula nyimbo yomaliza ija, nkupititsa kamuvi pakona yoletsedwa. Ndinakweza voliyumu yaikulu yonse, osakumbuka kuti kamzere kaja kanali kale kumapeto.

Nthawi yomweyo chowumitsira chinazima chokha. Mpopi nawo unatsekedwa.

"Pepani ndikunong'ona, abwana ali pafupi," anatero mawu a Kawaya, atadzaza saluni yonse mpaka magalasi kunjenjemera. "Ine nyimbozi ndimabweretsa kuti ndikuoneni. Ngati nanunso mumandiganizako, mudzaime pakhomo langa Lachisanu ndisanatseke. Mukapanda kubwera ndidzamvetsa, sindidzakuvutitsaninso."

Dzanja langa linali likadali pa mawusi ya kompyuta. Mayi wonenepa uja anatulutsa mutu m'chowumitsira.

"Bwezani, mwanawe, poyambirira pandipita!"

"Kunong'ona kwake nkumeneku?" anatero mnzanga wina, chipeso chili kukamwa. "Nanga akadzakuwa tidzathawira kuti?"

Azakhali anatulukira akupukuta manja pa thawulo, osafulumira. Anandisuntha ndi chigongono, nkugwira mawusi. Anatsitsa voliyumu yaikulu pang'onopang'ono mpaka pamalo pake penipeni, kenaka kamzere kaja anakabwezera pakati. Anaika nyimbo yofatsa. Ine ndinkangoyang'ana tsitsi lomwe linali pansi, kudikira chiweruzo.

"Lero ndi lachingati?" anafunsa.

"Lachisanu, azakhali."

Kunja kunamveka kukhuluchuka kwa chitseko chachitsulo. Kawaya anali atayamba kutseka.

"Nanga waimiranji ngati mtengo? Vula epuloniyo." Ndili pakhomo anawonjezera: "Ukamuuze kuti wofuna mwana wa achimwene anga azilankhula momveka. Voliyumu yanga isadzavutikenso chifukwa cha iye."

Ndinamupeza atawerama, loko ali m'manja. Anadzuka, nkundiyang'ana.

"Ndamva," ndinatero. "Tonse tamva."