Nkhope ya Magret Pamwamba pa Dzina la Eveles

Bambo Goliati anafika pa ofesi ya bungwe m'mawa, atakwera njinga ya kabaza kuchokera ku Mkhumba. Tikondwe, mlembi wa bungwelo, anali atangotsegula mawindo ndi kuyatsa kompyuta. Anali yekha tsiku limenelo chifukwa anzake anali atapita ku msonkhano ku Blantyre. Anawapatsa mpando, nawapatsa moni, koma bambowo sanafune kuchedwa ndi za moni.

"Mwana wanga Jonathan, amene ali ku Joni, waimba foni dzulo," anatero bambo Goliati, chipewa chili pa bondo. "Akuti pa makina anuwo mwalemba dzina la mchemwali wake Eveles, koma nkhope mwaikapo ya Magret, mkazi wa a Brown. Magret ali moyo, amayi. Dzulo lomweli ndamuona ndi maso angawa."

Bungwelo linali laling'ono, lothandiza alimi a mpunga ndi nandolo. Namondwe Freddy atadutsa, matope ndi miyala zitatsika m'mapiri n'kukokolola midzi, bungwelo linaika pa webusaiti yake tsamba lokumbukira mamembala amene anamwalira. Aliyense anali ndi kachithunzi kake, dzina pansi pake ndi mudzi umene ankakhala. Amene anakonza zonsezo anali Dominic, katswiri wa makompyuta amene ntchito yake itatha anasamukira ku Lilongwe. Tikondwe, wa ku Ntcheu, anabwera ku Phalombe tsambalo litamangidwa kale. Anthu a pa zithunzizo sanawaonepo ali moyo. Ntchito yake pa webusaiti inali kuikapo nkhani za mitengo ya mbewu ndi masiku a misonkhano basi.

Anatsegula tsambalo, n'kudikira netiweki. Litatuluka, anaona kuti lasintha. Tsamba limene ankalidziwa linali lobiriwira modera, zilembo zake zoyera. Tsopano lonse linali loyera, ndipo mayina ankaoneka movutikira ngati choko chofufutidwa pa bolodi. Zithunzi zimene zinali za ngodya zinayi zinasanduka zozungulira. Anatsitsa tsambalo mpaka pa dzina la Eveles Goliati. Pamwamba pake panali mayi wonenepa bwino, wovala duku loyera, akumwetulira.

"Bwerani muone, bambo. Ndi awa?"

Bambo Goliati anayandikira, natsinzinira diso limodzi. "Ine maso anga ali ndi ng'ala. Koma masaya amenewo si a mwana wanga. Eveles anali wochepa thupi."

Tikondwe anayamba ndi zimene ankadziwa. Anatsegulanso tsambalo, anafufuta zakale zimene kompyuta imasunga, anayesa pa foni yake. Palibe chinasintha. Atalowa kuseri kwa webusaiti, kumene amalamulira zonse, anapeza uthenga wonena kuti thiimu yadzikonza yokha n'kukhala yatsopano. Thiimu ankaidziwa pang'ono. Dominic anamuuzapo pa foni kuti ili ngati chovala cha webusaiti, ndiyo imanena mtundu wa zilembo ndi malo amene chithunzi chikhale. Anafufuza batani lobwezera yakale koma sanalipeze. Anayesa kuveka webusaitiyo thiimu ina, ndipo zithunzi zonse zinakula n'kusanjikizana, mayina n'kuthawira m'mbali. Anabwezera msanga. Kenaka anazimitsa pulagini ya zithunzi, kapulogalamu kamene kamazisanja pa tsamba, poganiza kuti mwina ndiyo ikulimbana ndi thiimu. Zithunzi zonse zinasowa, n'kutsala manambala ndi zizindikiro zosadziwika. Atayatsanso pulaginiyo, nkhope ya Magret inabwerera pamalo pomwe paja.

Tikondwe anaimbira foni Dominic.

Dominic anayankha foni patapita nthawi, phokoso la magalimoto likumveka kumbuyo kwake. Tikondwe anamufotokozera zonse.

"Asisi, vuto ndalimva," anatero. "Mabanja ambiri analibe chithunzi cha munthu ali yekha. Zithunzi ndi mafoni zinapita ndi matope. Ankabwera ndi zithunzi za pagulu zobwereka kwa anzawo, za kwaya, za ukwati, za banki m'khonde. Ine sindinkazidula. Pa chithunzi chilichonse ndinkalemba kamzere ka khodi kouza kazenera koonetsera chithunzicho kuti kayang'ane mbali iti, kumanzere kapena m'mwamba, mpaka nkhope yoyenera ioneke. Mizere imeneyo inali m'kati mwa thiimu yakale. Yatsopanoyi yalemba pamwamba pake. Ndiye kazenera kalikonse kakungoyang'ana pakati pa chithunzi."

"Ndiye onse amene akuoneka apawa ndi amene anaima pakati?"

"Ambiri a iwo, inde."

"Bakapu ilipo? Munasunga kwina zakalezo?"

"Inali pa laputopu yanga yakale ija. Inapsa, asisi, ndinalephera kupulumutsa kanthu. A hositingi, kampani yotisungira webusaiti, amasunga za masiku ochepa chabe, ndipo ndikuona kuti thiimuyo inasintha kalekale, kungoti palibe anatsegula tsambalo. Chimene mungachite ndi kudula chithunzi chilichonse nokha, kutsale nkhope ya munthuyo, n'kuchiikanso."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti womwalirayo ndi uti?"

"Achibale ankabwera n'kuloza ndi chala pa sikirini, ine n'kulemba pomwepo. Kwina kulikonse sindinalembe. Pepani, ndalowa mu ofesi. Ndikutumizirani khodi yokonzera zilembozo masana."

Tikondwe anaika foni pa tebulo. Choyamba anabisa tsamba lonselo kuti anthu akunja asalionenso. Kenaka anatsegula chithunzi chonse chimene munali Eveles. Chinali cha amayi a kwaya, ataima m'mizere kutsogolo kwa tchalitchi cha njerwa, onse atavala mabulauzi oyera ndi maduku oyera. Wojambulayo anaima patali, ndipo foni yake sinali yabwino.

"Bambo, vutoli likhoza kutha lero. Mungondilozera Eveles pamenepa, ine ndikonze."

Bambo Goliati anakokera mpando pafupi. Anaweramira kutsogolo mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza galasi. Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono pa mzere wakutsogolo, n'kuima pa mayi wina wamtali.

"Uyu."

Tikondwe anagwira mausi.

"Dikirani. Ayi. Eveles sanali wamtali choncho." Chala chinasunthira mzere wachiwiri. "Mwina uyu. Takulitsani."

Anakulitsa. Nkhopeyo inasweka n'kukhala timabokosi tofiirira, maso ndi pakamwa osadziwikanso bwino.

"Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo," anatero bambo Goliati. "Mukaona wa mpata, ndi yemweyo."

Tikondwe anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi. Pa kukula kumeneko mano a aliyense anali kamzere koyera chabe. Bambo Goliati anabwerera m'mbuyo, natikita maso ndi nsonga ya malaya.

"Tsiku lotsegulira tsambali anationetsa pa nsalu yayikulu ku holo," anatero motsitsa mawu. "Ndinamuona bwinobwino. Ndinati, chabwino, nyumba yapita, mtembo sitinaupeze, koma nkhope ili pamalo pamene madzi safikapo. Lero mukundifunsa kuti mwana wanga ndi uti, ine bambo wake ndikulephera."

"Si inu, bambo. Chithunzichi n'chosaoneka bwino."

Bambo Goliati anavala chipewa chawo m'nyumba momwemo, n'kuchivulanso.

Masana Tikondwe anatseka ofesi, naika laputopu ya bungwe m'chikwama, ndipo awiriwo anakwera njinga zamoto kupita ku Mkhumba. M'mbali mwa msewu munali minda imene inali isanachirebe, mchenga woyera ndi miyala ikuluikulu zili pamene kale panali chimanga. Ngati panali munthu wodziwa amene anaima pati tsiku lojambulalo, anali Magret.

Anamupeza atakhala pa khonde, lichero la nandolo lili pambali osaligwira. Mwamuna wake, a Brown, anaima pakhomo manja atapinda. Atamva kuti mlendoyo wachokera ku bungwe, Magret anayang'ana kumbali.

"Mwandiika m'manda ndili moyo," anatero. "Azakhali anga a ku Milanje aimba foni akulira. Wina anajambula tsamba lanulo n'kuponya pa gulu la mpingo la pa foni. Ku mjigo anthu akundiyang'ana ngati mzukwa."

"Ndabisa tsambalo, amayi. Palibe angalionenso."

"Nanga zili m'mafoni mwa anthuzo mwabisanso?" anafunsa a Brown. "Kwathu kuno zimenezi ndi malodza. Munthu wamoyo saikidwa pamodzi ndi akufa."

Tikondwe anayesa kufotokoza za thiimu, za kazenera koyang'ana pakati. Ali m'kati molankhula anamva yekha kuti mawu akewo sakuthandiza aliyense. Anasiyira panjira.

"Palibe munthu anachita dala," anatero. "Koma zachitika, ndipo ndikupepesa. Ndabwera kudzapempha kuti mundilozere Eveles pa chithunzichi."

"Sindifuna kuchiona."

Bambo Goliati, amene nthawi yonseyi anali ataima pansi pa mtengo wa mango, anayandikira. Anangokhala pansi m'mphepete mwa khonde, n'kuyang'ana dothi. Magret anawayang'ana kwa nthawi, kenaka anapukuta manja pa chitenje.

"Bweretsani."

Tikondwe anatsegula laputopu, naitchinga ndi thupi lake kuti dzuwa lisawalire pa sikirini. Magret sanafufuze n'komwe. Chala chake chinapita kumapeto kwenikweni kwa mzere wakumbuyo, pa mayi wamng'ono thupi amene theka la nkhope yake linabisika kuseri kwa phewa la mnzake.

"Uyu. Anafika mochedwa tsiku limenelo, anachokera ku dimba. Duku limenelo ndi langa, ndinamubwereka."

Sanali mmodzi wa awiri amene bambo ake analoza m'mawa. Tikondwe sananene zimenezo. Bambo Goliati anasuzumira pamene panali chala cha Magret, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Eya," anatero. Mawu awo sanaonetse ngati amuzindikira kapena angovomera.

M'mawa mwake Tikondwe anadula chithunzicho, n'kutsala kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Atakaika pa tsamba, thiimu yatsopano inakakoka kuti kadzaze bwalo lonse. Chimene chinatuluka chinali chifunga choderapo, duku loyera pamwamba ndi phewa la munthu wina pambali. Anaika khodi imene Dominic anatumiza, akukopera chilembo ndi chilembo. Zilembo za mayina zinada n'kuyamba kuwerengeka, koma mabwalo a zithunzi sanachepe. Anasintha nambala ya kukula kwake, nasunga, natsegulanso. Palibe chinasuntha. Anamulembera Dominic, ndipo yankho linabwera mochedwa, lonena kuti thiimuyo iyenera kuti ili ndi lamulo lina lamphamvu kuposa lake, ndipo ayang'ana akapeza mpata kumapeto kwa sabata.

Anatumiza chithunzi cha bwalolo kwa Jonathan, pa nambala imene bambo ake anasiya. Jonathan anafunsa ngati palibe njira yochiwalitsira. Tikondwe anayankha kuti sakuidziwa. Jonathan anangolemba kuti zikomo.

Tsambalo linakhalabe lobisika. Tikondwe anayamba kutsegula zithunzi zina, chimodzi ndi chimodzi, kuti aone kukula kwa ntchito imene inali patsogolo pake. Zochepa zinali za munthu mmodzi ali yekha, ndipo zimenezo zinali bwino. Zambiri zinali za magulu: anthu atanyamula matumba a mpunga pa doko la ku Chilwa, ana ndi makolo pa tsiku la ubatizo, timu ya mpira wamanja. Mabanja ena anali atasamutsidwira kumalo okwera, ena anabwerera kwa achibale ku Mozambique. Pa mayina ena, anthu a m'nyumba imodzi anali otsatizana, bambo, mayi ndi ana, ndipo Tikondwe sanadziwe kuti amene anabwera kudzawaloza anali ndani.

Chotsatira pa Eveles chinali cha mayi wotchedwa Aliness, wa ku Kaduya. Chinali chithunzi cha ukwati. Kazenera kankaonetsa mkwatibwi, amene anaima pakati atanyamula maluwa. Kumanzere ndi kumanja kwake kunali amayi ambiri ovala chitenje chofanana. Tikondwe anafunsa wapampando wa kalabu ya alimi ya ku Kaduya, amene anamupatsa nambala ya mchimwene wake wa Aliness. Anaimba, ndipo mawu a makina anamuuza kuti nambalayo sikupezeka. Anadikira pang'ono, naimbanso.